Paipi ya PCV Ikadutsa Pafupi ndi Ekizozi: Ya Petulo, ya Silikoni Kapena Chitsulo?

Pa injini iliyonse pali kapaipi kamene ambirife sitikalabadira mpaka tsiku limene kang'ambika. Kameneka ndi kapaipi ka PCV, ndipo kamachokera pachivundikiro cha pamwamba pa injini n'kukalowa kumene injiniyo imakokera mpweya. Opanga galimoto amayesetsa kukadutsitsa kutali ndi ekizozi, moti pa Sienta kapena Probox imene sinagwidwegwidwe chifikireni kuchokera ku Japan simungakapeze katayandikira moto. Koma galimoto zosagwidwagwidwa mu Blantyre muno zilipo zingati? Ina anaisintha injini n'kuikamo ya mtundu wina. Ina mwini wake anaiika catch can, kachitini kokola oyilo wodutsa m'paipiyo, pamene panangopezeka danga. Ina lata lotchinga manifodi ya ekizozi, chitsulo cholumikiza injini ndi ekizozi, linkasokosa, makaniko n'kulichotsa, kuliponya kuseri kwa galaja. Palinso za dizilo zokhala ndi turbo, monga Hilux D-4D, zimene paipi yake imakathera pafupi ndi khomo la turbo, ndipo turboyo imakhala pa ekizozi penipeni. Kwa onsewa funso ndi limodzi: yakale yauma, yang'aluka, tsopano tiikepo iti?

Tiyambe ndi zimene zimayenda m'kati mwake, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa. Mafuta akaphulika pamwamba pa pisitoni, mpweya wina umazemba m'mbali mwa maringi n'kutsikira kunsi kumene kumakhala oyilo. Mpweya umenewu umakhala ndi petulo kapena dizilo wosapsa, nthunzi ya madzi, mwaye ndi asidi pang'ono, ndipo potuluka umanyamula timadontho ta oyilo wotentha. Kale galimoto zinkangoutaya pamsewu kudzera m'paipi yolendewera pansi, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pamene ku California anayamba kulamula kuti uzibwezedwa mu injini kuti ukapse. Njira yobwezera mpweya imeneyi ndiyo PCV (Positive Crankcase Ventilation) imene tili nayoyi. Injini ikamakalamba maringi amatha, mpweya wozembawo umachuluka, oyilo wodutsa m'paipimo nayenso amachuluka. Zathu zambiri zimafika kuno zitayenda kale, ndiye musayembekezere kupeza paipi youma m'kati. Onjezanipo kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amafulumizitsa kukalamba kwa labala wosayenera.

Choncho paipi imeneyi sikulimbana ndi kutentha kokha. M'kati muli oyilo ndi mafuta, kunja kuli moto, ndiye pa injini za petulo palinso kuyamwa. Galimoto ikaima injini ikulira, manifodi yokokera mpweya imayamwa mwamphamvu, theka la bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya) kapena kupitirirapo, ndipo paipi yofewa ikatentha imangophwafuka n'kutsekeka. Ikatsekeka, mpweya uja umasowa kopita, umakankha ma oil seal ndi magasiketi, oyilo n'kuyamba kuchucha paliponse, nthawi zina mpaka kutukula ndodo yoyezera oyilo. Ikang'ambika, injini imakoka mpweya umene kompyuta sinauwerenge, imanjenjemera mukaima pa maloboti, nyali ya check engine imayaka, mukaiika pa makina imaonetsa P0171, nambala yosonyeza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi mafuta. Anthu agulapo mapulagi, makoyilo ngakhale masensa atsopano, vuto lili pa kapaipi kosakwana ndi theka la mita komwe.

Imene imaikidwa kwambiri m'magalaja a m'tauni muno ndi ya madzi, ija ya hita. Chifukwa chake n'chomveka. Imapezeka mosavuta m'masitolo a masipeya ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, ndi yotchipa, ndipo imabwera m'masaizi a 16 mm ndi 19 mm, amene amakwanira pa timilomo tikulutikulu ta injini za dizilo. Wogulitsa sakunama akamati imapirira kutentha, chifukwa labala wake, wotchedwa EPDM, amakhala bwinobwino pa madigiri 125 a Celsius. Chimene sakuuzani, mwina poti nayenso sakuchidziwa, n'chakuti EPDM ndi oyilo samwerana madzi. Labalayu amamwa oyilo n'kufufuma. Pakapita miyezi mukaigwira imakhala yofewa, yomata m'manja, kumapeto kutatupa mozungulira kilampu, ndipo injini ikayamwa imafinyika yokha. Ngati galimoto yakuferani usiku pa Lirangwe, ikani imeneyo kuti mukafike kunyumba, koma isakalambire pomwepo.

Ya pulasitiki yoonekera m'kati ndi ija yothirira maluwa tisatayirepo nthawi. PVC imayamba kufewa pa madigiri 60, pomwe madzi a mu rediyeta enieniwo amazungulira ali pakati pa 80 ndi 100.

Ya petulo ndiye yoyenera kukhalira pansi n'kuiganizira. Labala wa m'kati mwake ndi nitrile, wopangidwira mafuta ndi oyilo, ndipo pakati pamakhala ulusi wolukidwa umene umailimbitsa. Koma mapaipi a petulo si amodzi, ndipo chowasiyanitsa chimalembedwa pathupi pake. Itembenuzeni muwerenge musanatulutse ndalama. Ikalembedwa SAE J30R6, chimene ndi chizindikiro cha muyezo umene inapangidwira, malire ake ndi madigiri 100. J30R7 imafika 125, ndipo opanga ena amachita kulembapo PCV pomwepo, kusonyeza kuti ntchito imeneyi ili m'gulu la zimene anaipangira. J30R9, ija ya injini za ma injector, ili ndi kachikopa ka labala wa fluorine m'kati kamene sikaopa ethanol, ndipo imapirira 135, mwa apo ndi apo mpaka 150. Yopanda cholembedwa chilichonse, yongonyezimira pampukutu, ineyo sindiikhulupirira, kaya wogulitsa alumbire motani.

Pa injini ya petulo yofuna 8 mm, 10 mm kapena 13 mm, paipi ikudutsa kumene kukupita mphepo, J30R7 ndi yokwanira ndipo palibe chifukwa chowonongera ndalama pa zina. Kufooka kwake kumaoneka ikayandikira ekizozi. Nitrile akatenthedwa nthawi yaitali safewa, amauma gwa, ming'alu n'kuyamba mbali imene yayang'ana kumoto pomwe mbali inayo ikuoneka yatsopano. N'chifukwa chake mukatsegula boneti mumaiona ili bwino, kung'ambika kuli kunsi kumene diso silifika. Akatswiri a labala ali ndi kawerengedwe kawo kongoyerekeza, koti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wa labala umadulidwa pakati. Mwa kawerengedwe kameneka, paipi imene ikanakhala zaka zinayi pa madigiri 100 imatsala ndi chaka chimodzi pa 120.

Vuto lina ndi saizi. Ya petulo yaikulu kuposa 13 mm ndi yosowa, ndipo musayerekeze kuchepetsa. Injini ya dizilo imatulutsa mpweya wambiri, ndiye ikafuna 19 mm ipatseni 19 mm, apo ayi mwaitsamwitsa nokha. Apa ndi pamene masitolo a mapaipi a haidiroliki, aja okonza mapaipi a mathirakitala ndi malole, amathandiza. Funsani ya oyilo ya mphamvu yochepa, yolembedwa SAE 100R6. Ndi nitrile yemweyo wokhala ndi ulusi, masaizi akuluakulu alipo, koma malire ake kawirikawiri ndi madigiri 100. Zija za waya m'kati, R1 ndi R2, zisakukopeni ndi maonekedwe. Kulimba kwake n'kwa mphamvu ya oyilo wopopedwa, osati kwa kutentha, ndipo kulemera kwake kumathyola kamlomo ka pulasitiki ka valavu ya PCV galimoto ikamagunda maenje.

Tsopano silikoni, yabuluu kapena yofiira ija imene anyamata okongoletsa galimoto amaikonda. Pa kutentha ilibe inzake pakati pa mapaipi amene munthu wamba angawapeze. Imakhalabe yofewa pa madigiri 175 mpaka 200, siuma, sing'aluka. Ndiye aliyense akamva kuti paipi ikupsa amathamangira yomweyo, ndipo pongoiona mungati nkhani yatha. Koma silikoni wamba amalola oyilo kudutsa m'thupi mwake. Sikuti paipiyo yabooka ayi, oyilo amangolowerera pang'onopang'ono mpaka kunja kumayamba thukuta. Fumbi limamatapo, paipi imafewa, kilampu imayamba kuidula, ndipo ikakhala yaikulu koma yopanda ulusi imaphwafuka injini ikayamwa. Taganizani paipi yonyowa oyilo kunja, ili pambali pa chitsulo chotentha. Pa mapaipi a madzi ndi a mpweya wouma silikoni ndi wabwino zedi, ndipo ndikuganiza kuti mbiri yake yabwinoyo ndi imene imasocheretsa anthu akafika pa PCV.

Ilipo silikoni yoyenera, yokhala ndi chikopa cha fluorosilicone kapena FKM, mitundu ya labala wa fluorine wosaopa oyilo, m'kati. Kawirikawiri mukasuzumira m'kati mumaona mtundu wosiyana ndi wakunja, ngakhale mtundu wokha si umboni, poti yopanda chikopacho imathanso kukhala ya mitundu iwiri. Yeniyeniyo imapirira oyilo ndi kutentha komwe, ndipo pa mapaipi ofewa onse ndi imene ndingaike pafupi ndi turbo mtima uli m'malo. Kungoti ndi yochita kuitanitsa, ku Johannesburg kapena pa intaneti, ndalama zakunja zikuvuta chonchi. N'chimodzimodzi ya Viton, limene ndi dzina la malonda la FKM: imafika madigiri 200, oyilo ndi ethanol siziiopsa, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Ya PTFE, imene ambiri timaidziwa ndi dzina lakuti Teflon, yokutidwa ndi waya wolukidwa wosachita dzimbiri, papepala imaposa zonse ndi madigiri 260. Koma siivala pa kamlomo n'kungomanga kilampu. Imafuna mitu yake yapadera yomanga ndi sipanala, ikapindidwa kwambiri imathyoka m'kati osabwereranso, ndipo waya wakewo amapala chilichonse chimene akukhudza, kaya nthambo za magetsi kaya paipi ya rediyeta. Pa galimoto ya mpikisano n'zomveka. Pa Vanette yonyamula anthu pakati pa Limbe ndi Bangwe, ayi.

Tisaiwale paipi yake yeniyeni ya galimotoyo. Imabwera yopindidwa kale motsata njira yake, ndipo labala wake anasankhidwira malo amenewo. Pa injini za turbo opanga amagwiritsa ntchito mitundu ya labala monga AEM, wopirira oyilo ndi madigiri opitirira 150, umene simungaupeze pampukutu m'sitolo. Ngati injini yanu ili mmene inabwerera ndipo yatsopano ikupezeka ndi nambala ya chasisi, gulani, musavutike n'kuwerenga zotsalazi. Yakaunjika yochotsa pa galimoto yophwasulidwa ku Ndirande ndi nkhani ya mwayi, chifukwa zaka zake n'zofanana ndi za yanu yafayo. Ipindeni muone ngati ming'alu ikutseguka, ifinyeni kumapeto, ikakhala youma isiyeni. Zija za pulasitiki yolimba za galimoto za ku Ulaya monga VW ndi Audi zikakalamba zimathetheka pozichotsa pomwe.

Manambala onsewa aikeni pambali pa awa. Mpweya wotuluka mu injini ya petulo ikamakoka katundu umafika madigiri 800 kapena kuposa, ndipo chitsulo cha manifodi chimatha kupitirira 500. Kwerani chitunda chochokera pa Thabwa kubwera ku Blantyre ndi galimoto yodzaza m'mwezi wa Okutobala, mutanyamukira ku Chikwawa kumene kunja kwenikweniko kumapitirira 40, muone mmene pansi pa boneti pamakhalira. Palibe paipi pa zonse tatchulazi, ngakhale Teflon, imene ingakhudze chitsulo chimenecho n'kupulumuka. Kusiyana kwa 125 ndi 200 kulipo ndithu, koma n'kochepa poyerekeza ndi zimene mpata wa masentimita angapo ndi kachidutswa ka lata zingachite. Amene anaothapo mbaula m'mwezi wa Juni amadziwa kuti miyendo imawauka pomwe msana ukumva chisanu, ndipo mukasendera pang'ono, kapena wina akaimika lata pakati, kuwaukako kumatha nthawi yomweyo. Paipi nayonso imapsa ndi moto wowomba kuchokera pachitsulo chotenthacho, osati ndi mpweya wa pansi pa boneti wokha.

Ndipo nthawi yoipa si pamene mukuthamanga pa Masauko Chipembere Highway mphepo ikulowa. Ndi pamzere wa magalimoto madzulo pa Chichiri, komanso mphindi zoyamba mutazimitsa injini, fani itaima, kutentha konse kwa ekizozi kukukwera m'mwamba. Maminibasi a Hiace, Bongo ndi Vanette, amene injini yake ili pansi pa mpando, ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa kutenthako kulibe kothawira.

Choyamba, tsono, funani njira ina. Paipi yotalikirapo pang'ono yozungulira kumbali yozizira imaposa yodula yodutsa pamoto. Catch can isunthireni kumene kulibe ekizozi. Koma ngati njira ina palibe, ine ndimasankha chitsulo. Gawo lodutsa pamotopo likhale paipi ya aluminiyamu kapena ya chitsulo, ndipo kumapeto kwake kuwiri mulumikize ndi tizidutswa tifupitifupi ta J30R7, R9 kapena 100R6, tili kutali ndi ekizozi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, samwa oyilo, saphwafuka. Mapaipi a eyakoni a galimoto zophwasulidwa ndi aluminiyamu, alipo a masaizi angapo, ena opindidwa kale, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa paipi yoitanitsa kunja.

Koma ntchito imeneyi imafuna mmisiri woleza mtima. Mukadula, tsukani m'kati mpaka muyere, chifukwa katsotso kalikonse ka chitsulo kotsalamo kakupita mu injini, kapena m'mapiko a turbo. Kumapeto kwa paipi kutukulidwe pang'ono kuti labala asavuke. Paipiyo imangidwe ndi bulaketi pa injini yeniyeniyo, kuti ziziyendera limodzi, osati kungoisiya ikulendewera pa labala. Ya kopa ndi yosavuta kupinda, koma ikamanjenjemera nthawi yaitali imauma n'kung'aluka, ndiye ipeweni. Kumbukiraninso kuti chitsulo chimanyamula kutentha. Chikayandikira kwambiri manifodi chimakawotcha labala kumapeto, ndipo oyilo wodutsa m'kati amapserera n'kusanduka makala amene pang'onopang'ono amatseka njira. Choncho ngakhale chitsulo chimafuna chotchinga.

Chotchinga chabwino koposa ndi lata lake la manifodi lija linachotsedwa. Ngati linasochera, funani lina kwa ophwasula galimoto, kapena pitani kwa amisiri okhoma ndowa mumsika wa Ndirande akuduleni kachidutswa ka aluminiyamu wopyapyala mogwirizana ndi malowo. Chofunika n'chakuti pakhale mpata wa mpweya mbali zonse ziwiri, lisakhudze ekizozi, lisakhudzenso paipi. Lata lomatirira pa paipi silitchinga kanthu, limangopereka kutentha. Kulinso masokosi oveka paipi, a mitundu iwiri. Lonyezimira, la aluminiyamu kunja ndi ulusi wa galasi m'kati, limabweza moto wowomba uja ndipo ndi limene likuyenera ntchito imeneyi. Lofiira lokhuthala, la silikoni kunja, limapirira madigiri 260 ndipo limateteza paipi ku lawi kwa kanthawi, koma nalonso silinapangidwe kuti lizigona pa manifodi. Nsalu yokulunga pa ekizozi yeniyeniyo imachepetsadi kutentha, koma imasunga chinyezi n'kuchititsa dzimbiri, ndipo pa injini yodontha oyilo imamwa oyiloyo n'kukhala chingwe cha nyali. Pa injini zathu zokalambazi ine sindiilimbikitsa.

Musanaimbe mlandu paipi, onaninso gasiketi ya manifodi. Ikamatulutsa mpweya pambali, kamphepo kotenthako kamawotcha chilichonse chimene kakuwomba, ndipo mudzasintha mapaipi mpaka kutopa. Chizindikiro chake ndi mwaye wakuda pafupi ndi mabawuti ndi kaphokoso kothetheka m'mawa injini isanatenthe.

Makilampu a sipuling'i, amene amabwera ndi galimoto, amaposa aja omanga ndi sikuludiraiva, chifukwa labala akamafota iwo amamutsatira. Waya wopota ndi pulayala amadula paipi. Ma cable tie wamba a nayiloni malire ake ndi madigiri 85, ndiye pafupi ndi ekizozi amathetheka, paipi n'kugwera pomwe mumaitchinjiriza paja. Poyeza mpata musaiwale kuti injini imagwedezeka, makamaka ma mounting, malabala amene injini imakhalapo, akatha, moti mpata wooneka wokwanira pagalaja umatha kutsekeka ponyamuka pachitunda. Paipi isakhalenso ndi chigwa pakati, poti m'menemo mumadikha oyilo ndi madzi.

Ena amangodula nkhani, kuchotsa paipi n'kuilozetsa pansi kuti mpweya uzitayikira pamsewu. Pa injini ya petulo, kopanda kuyamwa kuja chinyezi ndi mafuta sizichoka bwino mu oyilo, ndipo matope akuda amaundana msanga pansi pa chivundikiro. M'misewu yafumbi ya ku Machinjiri, paipi yotseguka ndi khomo la fumbi lolowera kumene kuli mabeyaring'i, ndipo fungo la oyilo limalowa mwa anthu okwera.

Ngati mwagula paipi imene mukuikayikira, dulani tizidutswa tiwiri tofanana. Kamodzi kaikeni m'botolo lotseka la oyilo wakale wosakaniza ndi petulo pang'ono, kenako kasungeni pouma. Pakatha sabata muziyerekeze. EPDM amakhala atafufuma n'kufewa moonekeratu, silikoni wamba nayenso amatupa, pomwe nitrile wabwino sasintha kwenikweni. Mukaika paipi pa galimoto, yendani mpaka injini itenthe bwino, imani injini ikulira, muone ngati paipi yopita ku manifodi yokokera mpweya yafinyika penapake. Pakatha milungu ingapo, injini itazizira, pisani dzanja kumbali imene yayang'ana ekizozi. Ngati kumeneko kwayamba kuuma kuposa mbali inayo, mpata ndi wochepa ndipo chotchinga chikufunika kukulitsidwa.